Mbiri ya Kuziziritsa Makompyuta ndi Madzi

Kuziziritsa kompyuta ndi madzi ndi njira yochotsera kutentha m'zipangizo za mkati mwake pogwiritsa ntchito madzi oyenda m'mapaipi, m'malo modalira mphepo ya fani yokha. Masiku ano njirayi imadziwika kwambiri pakati pa anthu osewera magemu kunyumba, amene amachotsa choziziritsira chimene chinabwera ndi makina awo n'kuikamo pampu, mapaipi ndi rediyeta. Komatu lusoli ndi lakale kuposa magemuwo. Linayambira m'makina akuluakulu a maboma, mabanki ndi mayunivesite, linazilala kwa kanthawi, kenaka linatulukiranso m'magalaja a anthu wamba. Pa zaka zonsezi chinthu chimodzi sichinasinthe: kutentha kukaposa mphamvu ya mphepo, anthu amathamangira ku madzi, ndipo kukatsika amawasiya chifukwa cha mtengo wake komanso mantha oti angadonthere pa magetsi.

Kutentha ndi ntchito ya madzi

Magetsi onse amene kompyuta imadya amathera ku kutentha. Purosesa imene ikudya mawati 100 imatulutsanso kutentha kwa mawati 100, ndipo kutentha konseko kumachokera pa kachidutswa ka silikoni ka masentimita ochepa chabe. Kukapanda kuchotsedwa msanga, purosesa imayamba kulakwitsa masamu, imadzichepetsera liwiro kapena kuzima kumene. Zina zakale zinkachita kupsa.

Mpweya superewera paliponse, koma sunyamula kutentha kochuluka. Kilogalamu imodzi ya madzi imamwa kutentha kowirikiza kanayi poyerekeza ndi kilogalamu ya mpweya, ndipo popeza madzi ndi olemera kwambiri, lita imodzi ya madzi imanyamula kutentha kowirikiza koposa ka 3,000 poyerekeza ndi lita ya mpweya. N'chifukwa chake kapaipi kamodzi ka madzi kamagwira ntchito imene ikanafuna mafani ambiri aphokoso. Komabe madzi sathetsa kutentha, amangokusamutsa. Amakutenga pa purosesa, pamalo opanikizana, n'kukakutula pa rediyeta, pomwe pali malo otakasuka oti mphepo ikuchotse mosathamanga. Motero madzi oyenda mwa njira imeneyi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda momwe muli makinawo. Wofuna kutsika kuposa pamenepo amafunika makina a firiji.

Makina odzaza chipinda

Makompyuta oyamba a magetsi ankadzaza chipinda chonse ndipo ankatentha koopsa. ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu mu February 1946 pa University of Pennsylvania ku Philadelphia, inali ndi mavalavu a galasi oposa 17,000, a mtundu umene unkapezeka m'mawailesi akale, ndipo inkadya makilowati pafupifupi 150. Inkadalira mafani akuluakulu otulutsa mpweya wotentha kunja kwa nyumba.

Matiranzisita atalowa m'malo mwa mavalavu kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kachipangizo kalikonse kanayamba kutentha pang'ono, koma vuto silinathe. Liwiro la kompyuta limadalira kufupika kwa mtunda umene magetsi amayenda, choncho mainjiniya anayamba kuthithikiza zipangizo pafupipafupi. Kutentha kumene kale kunkamwazika m'chipinda chonse kunayamba kuunjikana m'malo aang'ono, momwe mphepo inkalephera kudutsa.

Njira zingapo zogwiritsa ntchito zinthu zamadzimadzi zinabadwa nthawi imeneyi. Mu kompyuta ya IBM 7090, imene inayamba kugwira ntchito mu 1959, gawo losunga zinthu linkamizidwa m'thanki ya mafuta kuti kutentha kwake kusamakwere ndi kutsika. Mu 1964 kampani ya Control Data Corporation inatulutsa CDC 6600, makina amene Seymour Cray anakonza, ndipo ankawaziziritsa ndi Freon, mankhwala oyenda m'mapaipi a mafiriji. Ntchito imeneyi inali m'manja mwa Dean Roush, injiniya amene anachokera ku kampani yopanga mafiriji ya Amana. Nayo IBM inaika madzi enieni mu System/360 Model 91, imene inayamba kuperekedwa kwa ogula mu 1967. M'makina amenewa madzi sankafika pa zipangizo zenizenizo. Ankayenda m'timarediyeta toikidwa pakati pa mabodi, kuti mpweya umene watenthedwa ndi bodi yapansi uzizire usanafike pa bodi yapamwamba.

Nyengo ya IBM ndi Cray

Zaka za pakati pa 1975 ndi 1990 ndi zimene lusoli linafika pachimake m'makina akuluakulu. Cray atakhazikitsa kampani yake, anatulutsa Cray-1, imene yoyamba inaikidwa ku Los Alamos mu 1976. Mabodi ake ankamatidwa pa mapuleti a mkuwa, ndipo mapuletiwo ankapereka kutentha ku mizati ya chitsulo momwe munkayenda Freon. Pokonza Cray-2, imene inatuluka mu 1985, mabodi anathithikana kwambiri moti panalibenso mpata wa mpweya kapena mapuleti. Cray anangomiza zipangizo zonse mu Fluorinert, madzi opangidwa ndi kampani ya 3M amene sadutsitsa magetsi. Mapampu ankawayendetsa pakati pa mabodi n'kukawaziziritsa kunja kwa makinawo.

IBM inatsata njira ina, yosalola madzi kukhudza magetsi. Mu 1980 inalengeza kompyuta ya 3081, imene inali ndi chipangizo chotchedwa Thermal Conduction Module. Pa mbale ya dongo lowotcha ya mamilimita 90 mbali iliyonse ankayalapo tizidutswa ta silikoni toposa 100. Kachidutswa kalikonse kanali ndi kamtengo kake ka aluminiyamu kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kankatenga kutentha kupita nako ku chivundikiro. Mkati ankadzazamo mpweya wa helium, umene umadutsitsa kutentha bwino kuposa mpweya wamba, ndipo pamwamba pa chivundikirocho ankamangapo mbale yoyendamo madzi ozizira. Chipangizo chimodzi chotere chinkachotsa kutentha kwa mawati pafupifupi 300. Mbale yoyendamo madzi imeneyi ndiyo kholo la buloko ya mkuwa imene osewera magemu amamanga pa purosesa masiku ano.

Makina oterewa ankafuna nyumba yokonzedwa mwapadera, yokhala ndi mapaipi pansi pa chipinda, makina oziziritsa madzi ndi amisiri owayang'anira. Ogula ankalolera kulipira zonsezi chifukwa panalibe njira ina. Njira ina itapezeka, anaisiya mosachedwa. Matiranzisita a mtundu wa CMOS, amene amadya magetsi makamaka pa nthawi yokhayo imene akusintha chizindikiro, anafika pa liwiro lokwanira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1994 IBM inayamba kugulitsa makina akuluakulu a CMOS oziziritsidwa ndi mphepo, ndipo m'zaka zochepa mapaipi a madzi anachoka m'zipinda zambiri za makompyuta.

Kompyuta ya kunyumba iyamba kutentha

Makompyuta oyamba a kunyumba sankafuna chisamaliro chotere. IBM PC ya mu 1981 inali ndi purosesa ya Intel 8088 yothamanga pa 4.77 MHz, ndipo purosesayo inkakhala pamtunda popanda choiziziritsa. Fani yokhayo inali m'bokosi la magetsi. Zinthu zinasintha pamene liwiro linkakwera. M'nthawi ya mapurosesa a 486 anthu anayamba kuikapo chitsulo cha zipsepse chotchedwa heatsink, ndipo Pentium itafika mu 1993, ikudya mawati pafupifupi 15, kafani kapamwamba pa chitsulocho kanakhala chinthu chosasowa.

Magemu ndiwo anakoleza moto. Doom ya mu 1993 ndi Quake ya mu 1996 zinaonetsa kuti liwiro la makina limaoneka ndi maso pa sikirini, ndipo makadi a zithunzi monga Voodoo ya 3dfx mu 1996 ndi GeForce 256 ya Nvidia mu 1999 anawonjezera gwero lachiwiri la kutentha m'bokosi lomwelo. Osewera ambiri anali achinyamata opanda ndalama zogulira purosesa yapamwamba, choncho anaphunzira kukakamiza purosesa yotsika mtengo kuti ithamange kuposa liwiro limene kampani inaiikira. Mchitidwe umenewu amautcha overclocking. Chitsanzo chotchuka ndi Celeron 300A ya mu 1998. Posintha liwiro la bodi kuchoka pa 66 MHz kufika pa 100 MHz, purosesayi inkachoka pa 300 MHz kufika pa 450 MHz, n'kumapikisana ndi Pentium II yokwera mtengo kwambiri.

Kuti purosesa ikhazikike pa liwiro lokakamiza, kawirikawiri pamafunika kuwonjezera mphamvu ya magetsi olowamo, ndipo kutentha kumakwera mofulumira kuposa liwirolo. Mpikisano wa Intel ndi AMD, umene unafikitsa Athlon pa 1 GHz mu March 2000, unachititsa kuti ngakhale mapurosesa osakakamizidwa azitentha kwambiri. Yankho la nthawi imeneyo linali timafani tating'ono tozungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi, tolira mokweza. Khadi ya GeForce FX 5800 Ultra ya mu 2003 inatchuka ndi phokoso lake mpaka anthu ankainyoza poiyerekeza ndi makina opopera fumbi. Motero amene anatembenukira ku madzi anali ndi zolinga ziwiri: ena ankafuna liwiro, ena ankafuna bata.

Mapampu a nsomba ndi mahita a galimoto

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunalibe sitolo yogulitsa zipangizo zoziziritsira kompyuta ya kunyumba ndi madzi. Luso la IBM ndi Cray linali lotsekeredwa m'makampani, ndipo silinafike kwa anthu wamba mwachindunji. Amene ankafuna madzi m'makina awo ankabwereka zipangizo ku ntchito zina.

Pampu inkachokera ku mathanki owetera nsomba zokongoletsa nyumba. Mapampu a kampani ya ku Germany ya Eheim, monga a nambala 1046, 1048 ndi 1250, ankakondedwa chifukwa anapangidwa kuti azigwira ntchito usana ndi usiku popanda phokoso. Rediyeta inkachokera ku magalimoto akutha. Kuseri kwa dashibodi ya galimoto kumakhala karediyeta kakang'ono ka hita, kamene kamatenga madzi otentha a injini kuti katenthetse okwera m'nyengo yozizira. Ku America karediyeta ka Chevrolet Chevette kanatchuka chifukwa kankakwana bwino m'bokosi la kompyuta ndiponso kanali ka mkuwa. Buloko yokhala pa purosesa ankaisula okha: ankatenga chidutswa cha mkuwa kapena aluminiyamu, kuboola mabowo odutsana, kutseka pakamwa pa mabowo osafunika n'kuwotcherera timilomo ta mapaipi. Mapaipi ankagula m'masitolo a zomangira nyumba.

Ena ankapitirira pamenepo pofuna kutsika kuposa kutentha kwa chipinda. Panali omanga nsanja za mapaipi a pulasitiki momwe madzi ankagwa ngati mvula fani ikuwauzira, kuti ena auluke ngati nthunzi n'kusiya otsalawo atazizira, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Njirayi inkafuna kuthiramo madzi kawirikawiri ndipo inkanyowetsa mpweya wa m'chipinda. Ena ankaika pakati pa purosesa ndi buloko kambale ka Peltier, kamene magetsi akadutsamo mbali imodzi imazizira ina n'kutentha. Kunalinso makampani ogulitsa mabokosi okhala ndi makina a firiji, monga KryoTech ya ku South Carolina ndi Asetek ya ku Denmark ndi chipangizo chake cha VapoChill. Njira zonse zotsika kuposa kutentha kwa chipinda zinali ndi mdani mmodzi, mame: chitsulo chozizira chimasonkhanitsa madontho kuchokera mumpweya, ndipo dontho limodzi pa bodi limatha kuwononga makina.

Malamulo ambiri amene amatsatidwa lero anaphunziridwa m'zaka zimenezi, makina ambiri atawonongeka. Zinadziwika kuti mkuwa ndi aluminiyamu zikakhala m'njira imodzi ya madzi, aluminiyamu imadyeka pang'onopang'ono mpaka kuboola. Madzi a pampopi ankasiya mchere m'tinjira ta buloko, ndipo m'mapaipi oonekera mkati munkamera ndere. Kuyambira pamenepo anthu anazolowera madzi otchezedwa, othiramo mankhwala oletsa dzimbiri ndi tizilombo.

Luso lisanduka malonda

Zaka zoyambirira za m'ma 2000 amisiri ena a m'magalaja anasanduka eni makampani. Ku America kunali Danger Den ku Oregon, Swiftech ku California ndi Koolance ku Washington. Ku Germany kunali Innovatek ndi Aqua Computer, ndipo ku Slovenia Edvard König anayamba kupanga mabuloko mu 2003, ntchito imene inakula kukhala kampani ya EK Water Blocks.

Mbali ziwirizi zinali ndi miyambo yosiyana. A ku America ankakonda mapaipi aakulu a theka la inchi ndi mapampu amphamvu, pokhulupirira kuti madzi akamathamanga kwambiri amachotsa kutentha kochuluka. A ku Germany ankakonda timapaipi tating'ono, madzi oyenda modekha ndi makina opanda phokoso. M'kupita kwa nthawi kuyeza kunaonetsa kuti madzi akafika pa liwiro lina lake, kuwonjezera pamenepo kumathandiza pang'ono chabe, ndipo chofunika kwambiri ndi kapangidwe ka mkati mwa buloko komanso kukula kwa rediyeta. Mabuloko a njira yokhotakhota analowedwa m'malo ndi okhala ndi timizere tambirimbiri tosema pa mkuwa, pomwe madzi amapoperedwa mwamphamvu pakatikati, pamwamba penipeni pa malo otentha kwambiri.

Zipangizo zinayambanso kugwirizana. Mazinga a timilomo ta mapaipi anakhazikika pa muyezo wa G1/4, wochokera kwa amisiri a mapaipi a ku Britain, moti buloko ya kampani ina inkalumikizika ndi rediyeta ya kampani ina. Marediyeta anayamba kuyezedwa potengera kukula kwa mafani, n'chifukwa chake amatchedwa 120, 240 kapena 360. Mapampu a nsomba, amene ankafuna magetsi a pakhoma, analowedwa m'malo ndi mapampu awiri a kampani ya Laing, a DDC ndi D5, oyendera magetsi a mkati mwa kompyuta momwemo. Mapampu awiriwa adakali pamsika mpaka lero pansi pa maina a makampani osiyanasiyana.

Chiyeso cha Apple ndi kulimba kwa mphepo

Chaka cha 2004 chinali cha kutentha kwakukulu. Pentium 4 ya mtundu wa Prescott inafika pa mawati 115, ndipo Intel inaleka mapulani a purosesa yotsatira yotchedwa Tejas komanso a liwiro la 4 GHz. Lamulo lakale loti tiranzisita ikachepa thupi imadyanso magetsi ochepa linali litayamba kulephera. M'chaka chomwecho, mu June, Apple inatulutsa Power Mac G5 ya mapurosesa awiri a 2.5 GHz yoziziritsidwa ndi madzi otsekeredwa ku fakitale. Motero anthu ambiri ogula makina m'sitolo anakhala ndi madzi m'kompyuta popanda kudzipangira okha. Patapita zaka makina ena otere anayamba kudontha, madzi n'kudya zitsulo ndi bokosi la magetsi. Apple itasamukira ku mapurosesa a Intel, Mac Pro ya mu 2006 inabwerera ku mphepo.

Zimene zinachitika m'makina akuluakulu mu 1994 zinachitikanso kunyumba. Core 2 Duo ya mu 2006 inkagwira ntchito yochuluka pa mawati 65 okha, ndipo anthu ambiri sanaonenso chifukwa chovutikira ndi mapaipi. Komanso zoziziritsira za mphepo zinali zitapeza chida chatsopano, kapaipi ka mkuwa kotseka mbali zonse kotchedwa heat pipe, kamene George Grover anakonza ku Los Alamos mu 1963. Mkati mwake mumakhala timadzi pang'ono ndipo mpweya umachotsedwamo. Timadzito timawira kumbali yotentha, nthunzi n'kuthamangira kumbali yozizira komwe imasandukanso madzi ndi kubwerera. Mulibe pampu, ndipo palibe chodontha. Timapaipi timeneti tinalola kumanga nsanja zazitali za zipsepse zokhala ndi mafani aakulu oyenda modekha, monga NH-D14 ya kampani ya ku Austria ya Noctua ya mu 2009, imene inkapikisana ndi zipangizo zambiri za madzi.

Madzi otsekeredwa ku fakitale

Chimene chinafikitsa madzi kwa anthu ochuluka ndi chipangizo chogulidwa chathunthu, chodzazidwa kale ndi kutsekedwa, chimene pamsika chimadziwika kuti AIO. Asetek inaphatikiza pampu ndi buloko kukhala chinthu chimodzi chokhala pa purosesa, cholumikizidwa ku rediyeta ndi mapaipi awiri. Mu 2009 kampani ya Corsair inayamba kugulitsa chipangizo chotere pansi pa dzina la H50. Wogula sankafunikanso kudula paipi kapena kuthira madzi. Ankangomanga zomangira zingapo, monga amachitira ndi choziziritsira cha mphepo. Makampani ena ambiri anatsatira, ena akugula kwa Asetek, ena kwa CoolIT Systems ya ku Calgary ku Canada.

Malondawa anabweretsa milandu. Asetek inali ndi ziphaso za umwini pa kaphatikizidwe ka pampu ndi buloko, ndipo inazigwiritsa ntchito ku makhothi a ku America. Mu 2013 Swiftech inachotsa chipangizo chake cha H220 pamsika wa dzikolo, ndipo mu 2014 khothi linakomera Asetek pa mlandu wokhudza zipangizo za Cooler Master. Pozemba ziphasozi, makampani ena anasamutsira pampu mu rediyeta kapena pakati pa paipi.

Opanga makadi a zithunzi nawo anayamba kutumiza katundu wawo ali ndi madzi kale. Radeon R9 295X2 ya AMD ya mu 2014, imene inkadya mawati 500, inkabwera ndi rediyeta yake, chimodzimodzinso R9 Fury X ya mu 2015. Zipangizo za AIO kawirikawiri zimakhala ndi mbale ya mkuwa ndi rediyeta ya aluminiyamu, choncho zimadalira mankhwala a m'madzimo kuti zitsulo ziwirizi zisadyane. Moyo wake uli ndi malire: madzi amauluka pang'onopang'ono kudzera m'khungu la mapaipi, pampu imatopa, ndipo pakapita zaka zingapo chipangizo chonse chimasinthidwa.

AIO itatenga anthu ofuna kuzizira basi, omanga mapaipi ndi manja anatembenukira ku kukongola. Cha m'ma 2013 mapaipi olimba a pulasitiki, opindidwa ndi mpweya wotentha, anayamba kulowa m'malo mwa ofewa. Mabokosi anakhala ndi mbali ya galasi, madzi anapatsidwa mitundu, ndipo magetsi owala mosinthasintha anadzaza mkati.

Kubwerera m'makina akuluakulu

Pamene izi zinkachitika kunyumba, madzi anabwereranso komwe anayambira. CMOS nayo inafika pa kutentha kumene matiranzisita akale anafikapo. Mu 2008 IBM inatulutsa Power 575 yoziziritsidwa ndi madzi. Mu 2010 makina a Aquasar pa ETH Zurich ku Switzerland anaonetsa kuti madziwo safunika kukhala ozizira: ankayenda pa madigiri pafupifupi 60, ndipo kutentha kwake kunkathandiza kutenthetsa nyumba za pasukulupo. SuperMUC ya ku Garching pafupi ndi Munich inatsatira njira ya madzi ofunda mu 2012. Google inayamba kuziziritsa ndi madzi mapurosesa ake a TPU mu 2018, ndipo Frontier ya ku Oak Ridge, imene mu 2022 inali kompyuta yothamanga kwambiri padziko lonse, imayendanso ndi madzi. Makabati a Nvidia a GB200 NVL72, olengezedwa mu 2024, amadya makilowati pafupifupi 120 kabati imodzi, kutentha kumene mphepo singakwanitse pa malo aang'ono chotero.

Kusintha kompyuta ya kunyumba masiku ano

Kunyumba nako kutentha kunakweranso. Purosesa ya Core i9-13900K imaloledwa kufika pa mawati 253, khadi ya GeForce RTX 4090 ya mu 2022 imadya mawati 450, ndipo RTX 5090 ya mu 2025 imafika pa 575. Khadi imodzi ya zithunzi tsopano imatulutsa kutentha koposa chipangizo chathunthu cha IBM cha mu 1980.

Wosintha makina ake kuchoka ku mphepo amatsata ndondomeko imene inakhazikika m'zaka za mapampu a nsomba. Amayamba ndi kuyeza bokosi kuti adziwe kukula kwa rediyeta imene ingalowemo, chifukwa rediyeta ndiyo imalamula kuchuluka kwa kutentha kumene kungatuluke. Buloko ya purosesa imatengera soketi ya bodi, koma ya khadi ya zithunzi imapangidwira khadi ya mtundu umodzi wokha, ndipo kuiika kumafuna kumasula choziziritsira choyambirira, kupukuta phala lakale lodutsitsa kutentha ndi kuyala timapadi tatsopano. Zitsulo zonse zokhudza madzi zimasankhidwa za banja limodzi, monga mkuwa, buraasi ndi mkuwa wokutidwa ndi nikelo, popanda aluminiyamu. Thanki imaikidwa pamwamba pa pampu kuti pampuyo isayende youma, ndipo pansi penipeni pamasiyidwa kampopi kotulutsira madzi.

Mapaipi akalumikizidwa, makina sayatsidwa nthawi yomweyo. Magetsi amapatsidwa kwa pampu yokha, bodi ili yozima, ndipo pansi pa mfundo iliyonse pamayalidwa mapepala oyamwa madzi kuti dontho lililonse lionekere. Mwambo wakale ndi wosiya pampu ikuyenda tsiku lathunthu, ngakhale kuti tsopano ambiri amayamba apopera mpweya m'mapaipi n'kuona ngati geji ikutsika. Bokosi limapendeketsedwa uku ndi uku kuti mpweya wotsalira utuluke mu rediyeta. Pambuyo pake madzi amasinthidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo fumbi limachotsedwa pa zipsepse za rediyeta.

Phindu lake limaoneka makamaka pa khadi ya zithunzi, imene kutentha kwake kumatsika kwambiri, komanso pa kuchepa kwa phokoso. Pa liwiro la magemu phindulo ndi lochepa poyerekeza ndi m'nthawi ya Celeron 300A, chifukwa mapurosesa amakono amadzikwezera liwiro okha mpaka pafupi ndi malire awo. Pa chifukwa chimenechi msika wa kunyumba unagawika patatu. Makina ambiri amadalirabe mphepo ndi ma heat pipe, amene ndi otsika mtengo ndipo sachedwa kukonza. Makina a mapurosesa otentha kwambiri amakonda AIO. Mapaipi omangidwa ndi manja anatsalira kwa anthu ochepa amene amalolera mtengo wake ndi ntchito yowasamalira pofuna bata, kuzizira kwa zipangizo zonse pamodzi ndi maonekedwe a makina awo.